Kulera tishaki ta m'thanki ya galasi: kukula kwa thanki ndi kadyetsedwe kake

M'sitolo yogulitsa nsomba zoweta m'nyumba, tishaki timaoneka tosavuta. Timagulitsidwa tili totalika ngati chala cha mkombaphala, masentimita 5 kapena 7, tikuzungulirazungulira m'kathanki kakang'ono, ndiye munthu amaganiza kuti kwakenso tikakwana m'kathanki kotero. Inenso ndinaganiza choncho. Ndinagula bala shark ziwiri n'kukaziika m'thanki ya malita 54, wogulitsa atanditsimikizira kuti nsomba imakula molingana ndi thanki yake. Patangopita miyezi ingapo zinayamba kudzimenyetsa pagalasi ndikangoyatsa nyali, ndipo m'mawa wina imodzi ndinaipeza itauma gwa kuseri kwa kabati. Zimene ndalemba apazi ndi zomwe ndikanakonda munthu atandiuza ndisanatulutse ndalama.

Yambani ndi dzina la nsombayo

Mwa nsomba za m'madzi opanda mchere zimene amagulitsa ndi dzina la shaki, palibe ndi imodzi yomwe imene ili shaki yeniyeni. Shaki zenizeni ndi za m'nyanja zamchere. Ilipo ina yokwera mitsinje, imene ku South Africa amaitcha Zambezi shark chifukwa imalowa mumtsinje wa Zambezi, koma imeneyo imapitirira mamita 2, si ya pabalaza. Za m'thankizi anangozitcha choncho chifukwa cha chipsepse cha pamsana choima njo ndi thupi lonyololoka. Mawu oti shaki okha sakukuuzani chakudya chake kapena thanki yoyenera. Funsani dzina lenileni, ndipo wogulitsa akamajejema, ijambuleni pafoni mukafufuze kaye kunyumba.

Red-tailed black shark ndi ija yakuda bii ya mchira wofiira psuu. Kwawo ndi ku Thailand, m'chigwa cha mtsinje wa Chao Phraya, komwe yatsala pang'ono kutheratu, moti za m'masitolo ndi zoswetsa m'mafamu. Kale akatswiri ankaitcha Labeo bicolor, m'gulu limodzi ndi ntchila yathu, Labeo mesops, asanaisamutsire m'gulu la Epalzeorhynchos. Mukaiyang'ana kukamwa muona chifukwa chake: pakamwa pake pali kunsi, pokokotera ndere pamiyala monga ntchila. Imakula kufika masentimita 12 mpaka 15. Mbale wake ndi rainbow shark, ya thupi lotuwirako ndi zipsepse zonse zofiirira, ya m'mitsinje ya Mekong ndi Chao Phraya. Ilinso ya mtundu wina woyera wa maso ofiira, koma khalidwe ndi lomwelo, msinkhunso ndi womwewo.

Ziwirizi ndi zokonda ufumu. Zikadali zazing'ono zimakhala zamanyazi, zimangobisala, munthu n'kumati wapeza nsomba yofatsa. Zikakhwima zimasankha phanga, ndipo aliyense wodutsa pafupi amathamangitsidwa, makamaka wofanana nazo maonekedwe. Gulani imodzi yokha. Musaike red-tailed ndi rainbow m'thanki imodzi poganiza kuti zizolowerana pokulira limodzi. Yofookayo idzasiya kudya.

Bala shark ndi nkhani ina. Ndi yonyezimira ngati siliva, ya maso akuluakulu, zipsepse zake zili ndi mkombero wakuda. Imachokera m'mitsinje ya Sumatra, Borneo ndi Malay Peninsula. Siyandewu n'komwe, koma imafika masentimita 30 mpaka 35, kutanthauza kuti imaposa rula ya kusukulu, ndipo imayenda m'chigulu. Ikakhala yokha kapena ziwiri imangokhalira mantha, zikakhala 5 kapena kuposa mtima umakhala m'malo. Werengerani nokha: nsomba 5, iliyonse ngati rula, zothamanga ngati zaona ng'ona.

Yachinayi ndi iridescent shark, ndipo pa imeneyi sindizungulira: musagule. Ndi ya m'gulu la milamba ndi kampango, yopanda mamba, ya mumtsinje wa Mekong, ndipo imatha kufika masentimita 130 ndi makilogalamu 44. Ndi nsomba imene ku Vietnam amaweta yambirimbiri m'madamu kuti ikhale ndiwo, ndipo ku Britain minofu yake imagulitsidwa m'mafiriji ndi dzina la basa kapena river cobbler. Palibe thanki ya m'nyumba wamba imene ingaisunge mpaka ukulu. Samalaninso ndi Columbian shark, ya ndevu zazitali. Imagulitsidwa m'madzi opanda mchere ili yaing'ono, koma kwawo ndi m'mathiriro a mitsinje yolowa m'nyanja ya Pacific ku Central ndi South America, ndipo ikamakula imafuna madzi amchere.

Yezani thanki ndi msinkhu umene nsomba idzafike

Kudziwa malita a thanki n'kosavuta. Yezani mulitali, mulifupi ndi msinkhu m'masentimita, chulukitsani zitatuzo, kenako gawani ndi 1,000. Thanki ya 60 x 30 x 30, imene ambiri amayambira, ndi malita 54, osakwana ndowa zitatu za malita 20. Ya 120 x 45 x 45 ndi malita 243. Ya 180 x 60 x 60 ndi malita 648. Madzi olowamo amacheperapo chifukwa mchenga ndi miyala zimatenga malo.

Koma musayang'ane malita okha. Izi ndi nsomba za m'mitsinje, zimasambira cham'mbali, sizikwera ndi kutsika ngati ndowa ya pachitsime. Thanki yaitali m'mwamba koma yaifupi m'litali, ngakhale ikongole bwanji pakona ya balaza, ilibe ntchito kwa izo. Muyeso umene ine ndimatsatira pa nsomba zothamanga ndi woti mulitali mwa thanki mulowe nsomba yaikulu maulendo 6.

Red-tailed kapena rainbow imodzi imafuna thanki ya masentimita 120 m'litali, malita 200 kapena kuposa. Thupi lake lingakwane m'yocheperapo, koma vuto ndi malire. M'thanki yaifupi imatenga pansi ponse kukhala pake, ndipo nsomba zina zimasowa kothawira. Bala shark 5 zimafuna thanki ya masentimita 180 m'litali ndi 60 m'lifupi. Pamenepo m'poyambira chabe, yoposa apo ndiye bwino.

Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti, popeza n'zazing'ono, sizingayambire m'thanki yaing'ono? Zingathe, koma pali malire. Ka red-tailed ka masentimita 5 kangakhale miyezi ingapo m'thanki ya masentimita 90. Tiana ta bala tingayambire m'ya masentimita 120, koma osayembekezera kuti tikhalamo kupitirira chaka. Chimene chimavuta ndi mawu aja oti yaikulu ndidzagula kutsogolo. Kutsogoloko kukafika kumakhala kuli fizi, lendi, maliro, feteleza, nsomba zili m'kathanki komwe kaja. Ngati ndalama ya thanki yaikulu simukuiona lero, sankhani nsomba yokwana mu imene muli nayo.

Nanga zoti nsomba imakula molingana ndi thanki? Pali kachoonadi kake, ndipo n'komvetsa chisoni. M'madzi ochepa zonyansa zimachuluka msanga, nsomba imakhala yopanikizika usana ndi usiku, ndipo kukula kumachedwadi. Kumeneko ndi kupinimbira, monga mwana wosowa zakudya, si kuzolowera ayi. Nsomba yotero imatha kupindika msana, imadwaladwala, ndipo imafa msanga, pomwe bala yosamalidwa bwino imakhala zaka 8 mpaka 10.

Musanadzaze madzi, ganizirani za kulemera. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Thanki ya masentimita 120 ikadzaza, kuphatikiza galasi ndi mchenga, imafika makilogalamu pafupifupi 300, ngati matumba 6 a chimanga. Ya masentimita 180 imayandikira makilogalamu 800, matumba 16. Tebulo la pabalaza silingathe. Pamafunika poikira pachitsulo kapena pamatabwa olimba, posapendekeka ngakhale pang'ono, chifukwa thanki yopendekeka imang'aluka molumikizira magalasi. Yalani chofewa pansi pake, ndipo ikhale kutali ndi windo lolowa dzuwa komanso khomo lomenyetsedwamenyetsedwa.

Chivindikiro si chokongoletsa. Nsomba zonsezi zimalumpha, bala ndiye katswiri, ndipo kampata kodutsa chingwe cha hita yotenthetsera madzi n'kokwanira kuti ituluke.

Mkati yalani mchenga wa mumtsinje wotsuka mpaka madzi ayere, kapena timiyala tosalala tosacheka ndevu zake. Red-tailed ndi rainbow muziikire mapanga awiri kapena atatu: mphika wadothi wogoneka cham'mbali, chidutswa cha paipi yapulasitiki, miyala yosanjikiza molimba. Pakati pa mapangawo pakhale zomera kapena chikuni chotchinga maso, chifukwa nsomba imene sikuona mnzake simuthamangitsa. Bala zisiyireni bwalo pakati, zokongoletsa zikhale m'mbali. Mwala uliwonse wotola panja muudonthezere viniga kaye. Ukachita thovu ndiye kuti uli ndi laimu, usalowe m'thanki.

Wina angafune kuziphatikiza ndi mbuna za m'nyanja ya Malawi, poti nazonso ndi nsomba zotchuka m'mathanki padziko lonse. Ine sindingatero. Mbuna zimafuna madzi a pH (muyeso wa asidi m'madzi) yoyandikira 8 monga a kunyanja kwawo, pomwe tishakiti timakhala bwino pakati pa 6.5 ndi 7.5, ndipo mbuna nazo n'zolimbirana mapanga. Anzake abwino a red-tailed ndi nsomba zachangu zosambira pakati ndi pamwamba, monga tiger barb ndi danio. Muyambe mwaika zimenezo, shakiyo ilowe pomaliza, ipeze eni ake atakhazikika kale.

Konzani madzi nsomba isanabwere

Apa ndi pamene nsomba zambiri zimafera, m'sabata ziwiri zoyambirira. Nsomba imatulutsa amoniya, ndipo chakudya chotsalira chikamaola chimatulutsanso amoniya. Ameneyu ndi poizoni. M'thanki yokhwima muli mabakiteriya okhala m'siponji ya fyuluta yosefera madzi, amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, yemwenso ndi poizoni, ndiye ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene savulaza kwambiri pokhapokha atachuluka. M'thanki yatsopano mabakiteriyawa mulibe, ndipo kuti achuluke pamatenga sabata 4 mpaka 6.

Ndiye dzazani thanki, yatsani fyuluta ndi hita, koma musaikemo nsomba. Tsiku lililonse ponyanimo kachakudya ka nsomba kotsina ndi zala ziwiri kuti kaole, mabakiteriya apeze chodya. Gulani zoyezera madzi muziyeza masiku angapo alionse. Muona amoniya akukwera kenako n'kutsika, nitrite akukwera kenako n'kutsika. Onse awiri akafika pa 0 ndipo nitrate wayamba kuoneka, thanki yapsa. Ngati muli ndi mnzanu wa thanki yakale yopanda matenda, m'pempheni chidutswa cha siponji ya m'fyuluta yake, mubwere nacho chili m'madzi ake n'kuchiika m'fyuluta yanu. Zili ngati kupala moto kwa aneba, nthawi yodikira imafupika kwambiri.

Madzi a pampopi ali ndi klorini, amene amapha mabakiteriya aja n'kuwotcha nsomba mopumira. Thirani mankhwala ochotsa klorini nthawi iliyonse mukuwonjezera madzi. Kungowasiya m'ndowa usiku wonse kumathandiza pa klorini wamba, koma m'mizinda ina, makamaka kunja, amathira chloramine amene sauluka ngakhale madzi agonere. Madzi a pamjigo alibe klorini, koma ena amakhala ndi mchere wa m'nthaka wambiri, choncho muwayeze kaye.

Fyuluta ikhale yotha kuzungulitsa madzi onse a m'thanki maulendo 4 mpaka 6 pa ola. Kutentha kukhale pakati pa madigiri 24 ndi 27, ndipo musakhulupirire nambala ya pa hita, ikani choyezera kutentha chapadera mbali ina ya thanki.

Tsiku logula

Imani pathanki ya m'sitolo mphindi zingapo. Nsomba yabwino imasambira zipsepse zili zotambasuka, mimba yosaphwa, thupi lopanda timadontho toyera. Ngati m'thankimo muli yakufa kapena yopuma mwawefuwefu pamwamba, musagule ina iliyonse ya mmenemo. Pemphani kuti aziponyere chakudya inu mukuona, ndipo funsani dzina la chakudyacho kuti muyambire chomwecho.

Kunyumba zimitsani nyali ya thanki, yandamitsani jumbo ili yomanga kwa mphindi 15 mpaka 20 kuti kutentha kufanane, kenako muitsegule n'kumathiramo madzi a m'thanki pang'onopang'ono kwa theka la ola. Itengeni nsomba ndi kaukonde, madzi a kusitolo muwataye. Tsiku limenelo musadyetse. Ka red-tailed kakabisala masiku atatu kapena katumbuluka mchira, musasunthe miyala pokafunafuna, kadzatuluka kokha njala ikakapweteka.

Kadyetsedwe

Bala, red-tailed ndi rainbow ndi za banja la Cyprinidae, la ntchila ndi matemba, ndipo nsomba za banja limeneli zilibe chifu chosungira chakudya. Chimene zameza chimalowa m'matumbo molunjika. Zilibenso mano pakamwa, mano ake ali kukhosi. N'chifukwa chake kumtsinje zimadya pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo m'thanki phwando limodzi lalikulu silizithandiza. Chambiri chimangodutsa chosagayika bwino, china chimaolera pansi.

Tiana tosafika masentimita 8 tidyetseni katatu pa tsiku: m'mawa, masana kapena mukaweruka, ndi madzulo. Tikapitirira apo, kawiri. Zazikulu zimakhutira ndi kamodzi kapena kawiri, ndipo mungamazigoneke ndi njala tsiku limodzi pa sabata, koma tiana ayi, tikukula. Muyeso wake ndi nthawi, osati supuni. Ponyani katsinidwe kamodzi n'kuyang'ana. Kakatha msanga wonjezerani pang'ono, ndipo zonse zithe m'mphindi 2 kapena 3. Chotsala muchichotse ndi kaukonde nthawi yomweyo. Zidzakuthamangirani pagalasi ngati zagona ndi njala sabata yathunthu, musakomedwe nazo. Nsomba za m'nyumba zofa ndi kudyetsedwa mopitirira n'zambiri kuposa zofa ndi njala.

Chakudya cha tsiku ndi tsiku chikhale chogula, cha nsomba za m'mathanki. Apa pakamwa pa nsomba ndi pamene pakutsogolereni. Red-tailed ndi rainbow zimadyera pansi, choncho zimafuna timibulu tomira ndi timapale tokhala ndi spirulina, mtundu wa ndere. Mukamangoponya zoyandama, nsomba za pamwamba zimatha zonse, kashaki n'kumangotola zinyenyeswa. Njira yake ndi kuponya zoyandama mbali imodzi, ndipo zinazo zikatanganidwa, kumiza tomira pafupi ndi phanga lake. Kamwana kamanyazi kamadya bwino nyali itangozima. Zimakokotanso ndere pamiyala, choncho galasi lakumbuyo musamalipale lonse. Koma musaziyese zoyeretsa thanki n'kuzimana chakudya, ndere yokha siyokwanira.

Bala sizisankha. Zimadya pamwamba, pakati, ngakhale kufufuza mumchenga. Zoyandama zopyapyala ndi timibulu ting'onoting'ono n'zokwanira, kungoti kwa tiana muzifikisa ndi zala kuti zikwane pakamwa. Nthawi zina pakudya zimamveka phokoso lakuti tha tha. Ulendo woyamba ndinadzuka kukayang'ana ngati galasi lang'aluka.

Kawiri kapena katatu pa sabata muzipatse zanyamanyama, zimene zimakuzitsa tiana ndi kuwalitsa mtundu. M'masitolo mumapezeka tizilombo ta m'madzi totchedwa bloodworm, brine shrimp ndi daphnia toumitsa m'firiji. Dulani kachidutswa, kasungunukire m'kapu ya madzi a m'thanki, musaponye chili chowuma ndi ayezi, ndipo chosungunuka kale chisabwererenso m'firiji. Kumene zimenezi kulibe kapena zadula, nyongolotsi za m'munda wosathira mankhwala n'zabwino kwambiri, muzitsuke n'kuziduladula tizidutswa tokwana pakamwa. Mphutsi za udzudzu nsomba zimazikonda koposa, koma musachite kuziweta pakhomo, malungo si ocheza nawo. Mukazipeza m'chitini cha madzi amvula, zikokoleni mudyetse pomwepo, madziwo mutaye. Nyengo ya ngumbi, bala zanga zokulirapo ndimaziponyera ziwiri zitatu zothothola mapiko, zaziwisi, osati zija zokazinga ndi mchere.

Zamasamba nazo n'zofunika, makamaka kwa red-tailed ndi rainbow. Nsawawa zobiriwira (peas) zowiritsa pang'ono, zosenda khungu n'kuzitswanya, zimathandiza nsomba yotupa mimba. Kagawo ka nkhaka kapena ka dzungu lofutsa mungakamize pokabaya ndi foloko yosachita dzimbiri. Tsamba la sipinachi muliviike m'madzi otentha kwa kanthawi kuti lifewe. Zonse zitsukidwe bwino chifukwa cha mankhwala a kudimba, zisakhale ndi mchere kapena mafuta, ndipo zotsala zichoke pakatha maola angapo. Poyamba nsomba zimangoziyang'ana, zimatenga maulendo awiri atatu kuti zizindikire kuti n'zodyedwa.

Zosayenera kulowa m'thanki ndi nsima, buledi, mpunga, nyama ya ng'ombe kapena nkhuku, ndi usipa wouma wothira mchere kapena wowamba. Amene anazolowera kuweta makumba ndi chambo m'damu adzaganiza za madeya. M'damu madeya amagwira ntchito chifukwa madzi ndi ambiri, muli matope ndi dzuwa, ndipo otsala amasanduka manyowa omeretsa zakudya zina. M'galasi amangochititsa madzi mbuu n'kutseka fyuluta. Tinsomba tamoyo tokola kudambo natonso ayi, timabweretsa matenda.

Chakudya chogula chikatsegulidwa chimayamba kutha mphamvu. Gulani kachitini kotha m'miyezi yochepa, musaikemo zala zonyowa, ndipo musakasunge pamwamba pa chivindikiro pomwe pali nthunzi ndi kutentha kwa nyali. Nthawi ya mvula chimachita nkhungu msanga. Chikasintha fungo, tayani.

Nsombayo ndi imene ingakuuzeni ngati mukudyetsa bwino. Ikatha kudya mimba izioneka yodzaza pang'ono, osati yotupa ngati ikufuna kuphulika. Mimba yophwa mutu n'kumaoneka waukulu ndi chizindikiro cha njala kapena njoka za m'mimba. Red-tailed yokhuta ndi yokhazikika imakhala yakuda ngati makala, ikayamba kutuwa fufuzani madzi, chakudya ndi anzake. Madzi akamachita mbuu kapena pansi pakamaoneka tinkhungu toyera, chepetsani dzanja.

M'nyumba ya ana ambiri, wodyetsa akhale mmodzi. Aliyense akamaponya kake podutsa, ngakhale mlendo, thanki imalandira chakudya cha sabata m'tsiku limodzi. Mukachoka masiku awiri kapena atatu, nsomba zathanzi sizifa ndi njala. Ulendo ukakhala wautali, mangirani wotsala pakhomo timapaketi ta tsiku lililonse, chitini chenichenicho mubise.

Ntchito ya sabata ndi sabata

Chakudya chilichonse cholowa m'thanki chimathera m'madzi omwewo, ndipo tiana todya katatu pa tsiku timawaipitsa msanga. Apa ndi pamene kudyetsa ndi kukula kwa thanki zimakumana: chakudya chofanana chimaipitsa malita 54 mofulumira kuposa kanayi poyerekeza ndi malita 243. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi pogwiritsa ntchito paipi, mukukoka zonyansa za mumchenga. Atsopanowo akhale ochotsa klorini ndi otentha mofanana ndi a m'thanki. Musachotse madzi onse n'kutsuka thanki ngati mbale, ndipo ndowa yake ikhale yakeyake, yosakhudzapo sopo. Siponji ya fyuluta muziifinya m'madzi amene mwachotsa m'thanki, osati pampopi, kuopa kupha mabakiteriya amene munadikira mwezi wathunthu aja. Nitrate asapitirire mamiligalamu 40 pa lita. Ngati akupitirira ngakhale mukusintha madzi, ndiye kuti chakudya chachuluka kapena thanki yachepa.

Magetsi akazima, musadyetse mpaka abwere, popeza fyuluta yaima ndipo nsomba yokhuta imafuna mpweya wambiri. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire n'kotsika mtengo poyerekeza ndi nsomba zimene kangapulumutse. Ngati mulibe, tungani madzi a m'thanki ndi kapu n'kumawathira kuchokera m'mwamba kangapo pa ola. Kukazizira, fundikani thanki bulangete. Fyuluta ikakhala yozima maola ambiri, tayani madzi okhalira mkati mwake musanaiyatsenso.

Kuzizira kwa June ndi July, monga kwa ku Dedza, Mzuzu kapena Johannesburg, ndi nthawi ya matenda a timadontho toyera ngati mchere, amene bala imagwidwa nawo msanga kutentha kukatsika mwadzidzidzi. Nsomba imayamba kudzikhula pamiyala timadontho tisanaoneke. Mankhwala ake alipo m'masitolo a nsomba, koma mumalize masiku onse olembedwa ngakhale timadontho titatha, chifukwa kachilomboka kamafa pokhapokha katachoka pathupi la nsomba n'kumasambira m'madzi.

Ikayamba kuchepekedwa

Kamodzi pa mwezi gundikizani rula pagalasi muone pamene nsomba zafika. Bala zoyambira m'thanki ya masentimita 120 zisamuke zikamayandikira masentimita 15, osadikira kuti zifike 20. Zizindikiro zina ndi milomo yosupuka chifukwa chogunda galasi, kudzidzimuka munthu akangodutsa, ndi red-tailed imene ikuthamangitsa anzake kuchokera kona ina mpaka ina osapuma. Posamutsa tengani fyuluta yakale ndi siponji yake ili yonyowa kuti mabakiteriya asamukire limodzi. Bala yaikulu musalimbane nayo ndi kaukonde, chepetsani madzi n'kuilondolera m'chidebe chokhala ndi chivindikiro.

Ngati thanki yaikulu yalephereka, musakaitaye kumtsinje, kudamu kapena m'ngalande. Namasupuni amene amatseka mtsinje wa Shire kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira m'maiko ambiri ngati duwa lokongoletsa maiwe. Nsomba yachilendo nayo ingabweretse matenda kapena kulanda chakudya cha nsomba za kumaloko. Funsani anzanu oweta nsomba, kapena mahotela ndi maofesi okhala ndi mathanki akuluakulu. Masitolo ena amalandira nsomba yokula n'kukupatsani zazing'ono kapena chakudya, ndipo funso limeneli ndi bwino kulifunsa tsiku logula lomwelo, ndalama zikadali m'thumba mwanu.